Penti ya Siliva pa Injini ya Bambo

Ku Mkanda kumene ndinakulira, aliyense ankayenda pa njinga kupatula bambo anga, a Lingisoni. Iwo anali ndi pikapu yakale imene anagula kwa mwini esiteti ina ya fodya itatha kale ntchito. Anthu ankaitcha chiphapha, koma mayi woyembekezera akayamba kudwala, kapena mtedza ukafunika kumsika, onse ankadziwa khomo logogoda. Mpaka lero ndikamva fungo la petulo losakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe, ndimaona miyendo ya bambo itatulukira kunsi kwa galimoto ija, ndipo mtima wanga umayamba kutentha.

Injini yake inali ngati msika wa pa boda, munali za kulikonse. Kabureta inachokera ku Chipata, paipi ya madzi inali ya pachigayo, ndipo fyuluta ya mpweya inali chitini cha mkaka chimene bambo anaboolaboola ndi msomali. Koma ukangotembenuza kiyi, inkalira.

Ndili mu Sitandade 6, kunamveka kuti pa chionetsero cha zaulimi ku boma kudzakhalanso mpikisano wa magalimoto akale, ndipo yopambana idzatsogolera perete kuzungulira bwalo. Za chikho bambo analibe nazo ntchito. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Abale a amayi ankawaseka kuti analowa mitala ndi chiphapha, ndiye bambo anafuna kuti amayi akakhale kutsogolo m'galimoto ija pa perete, anthu onse akuona. Anawalonjeza ife ana tikumva, ndipo amayi anakasoketsa diresi yamaluwa achikasu.

Amalume anga a Yotamu, amene ankayendetsa thiraki yopita ku Zambia, ndiwo ankadziwa za kunja. Anasuzumira m'boneti n'kupukusa mutu. "Alamu, oweruza a zimenezi amafuna injini ikhale mmene inatulukira ku fakitale. Zitini zanuzi chotsani."

Bambo sankataya kanthu. Zitsulo zakale zonse zinali m'thumba padenga la khitchini, zitada bii ndi mwaye. Anazitsitsa, kuzitsuka ndi palafini, n'kuzibwezera chimodzichimodzi m'malo mwake. Kabureta yakale ya ku fakitale inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, koma bambo anati tsiku limodzi lokha ipirira.

Chimene amalume sananene, chifukwa nawonso sankachidziwa, ndi nkhani ya penti. Kwathu mlendo wamkulu akamabwera timazira nyumba, timasesa bwalo, miyala ya m'mbali mwa msewu timaipaka laimu, ngakhale mitengo imene timaiveka masokosi oyera. Ndiye munthu wolera ana angatsegulire alendo boneti n'kuwaonetsa injini yosuluka, yobiriwira mwa apo ndi apo ngati ndere za pachitsime? Tinaikwecha, ine ndi bambo, ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala zanga zinasupuka. Kenako bambo anagula penti ya siliva, ija yopaka malata, ndipo tinapaka paliponse: mabauti, mapaipi, ngakhale kachitsulo ka manambala ka pambali. Fungo lake linandizunguza mutu, koma ndinali wonyada. Amayi atabwera kudzaona anati yawala ngati poto wa paukwati.

Tsikulo tinafika ku boma titayera fumbi mpaka m'nsidze. Magalimoto anzathu anali ochokera ku Lilongwe, ndipo ina yofiira inabwera itakwera lole ngati mkwatibwi. Anyamata anachita kuitsitsa pa matabwa n'kuikankhira pamzere.

Woweruza wamkulu anali bambo wamagalasi, wovala khoti loyera ngati dokotala. Ananyamula tochi masanasana, ndi kagalasi ka pa kamtengo koonera kunsi. Atafika pa yathu, bambo anavula chipewa n'kutsegula boneti. Dzuwa linamenya pa siliva uja mpaka anthu anatsinzina. Ine ndinkayembekezera kuwomba m'manja. Mkulu uja anasekera m'mphuno.

"Bambo, ndani wakuchitirani zimenezi?"

"Ndife tomwe, bwana. Timati tilemekeze alendo."

"Injini iyi inabadwa yobiriwira. Zitsulo mwasunga bwino, koma penti ya ku fakitale, imene ife tinadzera, mwaikwecha. Mwaiwononga."

Anakanda kachitsulo ka manambala kaja ndi chikhadabo, n'kuitana anzake kuti adzaone, ngati mmene amaitanirana pa bala lachilendo kuchipatala. Ankalankhulana m'Chingerezi, akuganiza kuti sitikumva. Ine ndinali wa Sitandade 6, mawu akuti "mudzi" ndi "umbuli" ndinawamva bwinobwino.

Mkwiyo umene anthu amandidziwa nawo lerowu unayambira pomwepo. Ndinaloza galimoto yofiira ija n'kufunsa mokweza kuti, "Nanga iyo yabwera pa lole, inanyamulapo wodwala ndani?"

Bambo anandigwira khutu n'kulipotoza mpaka ndinaona nyenyezi. "Pepani bwana, mwanayu ngosamva." Khutu linapola tsiku lomwelo. Chimene sichinapole ndi kuona bambo anga, chipewa chili m'manja, akupepesa munthu amene wangowatukwana.

Yopambana inali yofiira ija. Inakana kulira, moti inatsogolera perete anyamata akuikankha kumbuyo, mwini wake akubayibitsa. Amayi anaonerera ali kuseri kwa chingwe, m'diresi yawo yamaluwa achikasu ija.

Pobwerera, tisanafike n'komwe pakati pa ulendo, kabureta ya ku fakitale ija inatsokomola komaliza n'kukhala chete. Ya ku Chipata yabwinobwino inali itatsala kunyumba, pansi pa bedi. Bambo anayesa kuyamwa petulo ndi pakamwa, anayesa kugogoda ndi sipanala, koma ayi ndithu. Mlimi wina wa ngolo anatimvera chisoni, n'kumasula ng'ombe zake n'kuzimangirira ku bampala. Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka, ana akuthamanga m'mbali, abale a amayi atandandalika pakhonde kutiyang'ana. Ine ndinabisa nkhope. Amayi anakonza duku, anatsitsa galasi, n'kuyamba kubayibitsa pang'onopang'ono ngati mkazi wa nduna.

"Perete munalonjezadi, bambo a Jemusi," anatero, kuwaitanira dzina langa monga mwa masiku onse. "Kungoti simunanene kuti atsogoleri adzakhala ng'ombe."

Bambo sanaseke. M'mawa mwake anabwezera kabureta ya ku Chipata, chitini cha mkaka ndi paipi ya pachigayo, zitsulo za ku fakitale n'kuziponyanso padenga. Galimoto inalira, ndipo inanyamulabe odwala zaka zambiri. Ku chionetsero sanapitenso mpaka kumwalira kwawo.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Odwala amapita pa njinga zamoto, ndipo chiphapha chimene anthu ankachiseka akuti ndi chuma. Pikapu ija ili pa shedi kunyumba kwanga ku boma. Kumabwera anyamata ovala bwino, mafoni ali m'manja, kudzandionetsa zithunzi za mmene injini imeneyi "imayenera kuonekera". Sanainyamulirepo ngakhale ndowa ya madzi a mu ladiyeta, koma amadziwa mtundu wa bauti iliyonse. Wina mwezi wathawu anati atha kundiitanitsira penti yobiriwira yeniyeni kuchokera kunja, bola tikweche kaye siliva wonyansayu. Ankanena akukanda kale ndi chikhadabo.

Siliva uja ali ndi mizere ya bulashi ya dzanja la bambo anga, ndipo pena pali chidindo cha chala changa chaubwana. Ndinamuuza mnyamatayo kuti achotse dzanja lake msanga, apo ayi ndimugwira khutu lomwe lija bambo anandigwira ine.