Ndinachotsa Kachipewa Kuti Batire Likwane

Inu owerenga, ine ndinawotcha nyumba ya mayi wamasiye osagwira machesi. Nkhaniyi ndatopa kuisenza ndekha.

Ndimakonza mafoni ndi nyali za sola pa Kacholola, m'mbali mwa msewu waukulu. Nyalizi zimayendera timabatire tozungulira, totalika ngati chala. Chotopetsa n'chakuti opanga sagwirizana muyeso. Kena katali pang'ono, kena konenepa, koma ukaona msanga ungati n'tofanana. Chiyambire kumasuka kwa malonda katundu amangobwera kuchokera konsekonse, ovutika n'kukhala ife okonza.

Tsiku lina kunabwera amai Sakala, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika cha ku Mwape. Nyali yawo inali itafa. Batire la muyeso wake ndinalibe, ndinali ndi lina lotalikirapo pang'ono. Chimalitalikitsa ndi kachitsulo kakumutu kamene timati kachipewa, ndipo ndiko kamadula moto batire likadzaza. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma kubweza munthu wochokera kutali, anzanga okonza akuyang'ana, ndinaona ngati n'kudzichotsa ulemu. Ndinakazula ndi pulayala, batire n'kulowa, nyali ngwee!

"Zikomo bambo, lelo adzukulu azawelenga bwino," anatero amaiwo.

Sipanapite masiku ambiri. Masana ena amaiwo ali kumunda, nyali anaisiya ikutchaja pazenera, pansi pa denga la udzu. Batire linadzaza, losowa chodula moto, linatupa n'kuphulika, denga n'kugwira moto. Mtedza wonse wa chaka chimenecho, mbewu, zofunda, zonse zinasanduka phulusa.

Nditamva ndinapalasa njinga kukawaona. Ndinawapeza akhala pa njerwa, ndipo asanandifunse kanthu anayamba ndi iwo kupepesa.

"Kapena ndine n'nalakwa kuika padzuwa, bambo. Ise zamagetsi sitiziziba."

Ndinathandiza kudula mitengo ya denga latsopano, koma chilungamo chinandikanika pakamwa. Manyazi amene ndinkawathawa pamaso pa anzanga okonza aja anali aang'ono.

Anzanga okonza, batire likakana kulowa ndiye kuti si lake. Musadule, musapanikize, musachotse kanthu. Muuzeni mwiniwake adikire, ngakhale achoke akung'ung'udza. Kunyozedwa tsiku limodzi kumapiririka. Chosapiririka ndi ichi: mpaka lero amai Sakala akamadutsa pa Kacholola amaima kundipatsa moni ndi manja awiri, n'kumauza anzawo kuti ndine munthu wabwino.