Mfundo ya m'chiuno

Utelala ine sindinachite kuupempha. Nthawi ya Chitaganya ndinkanyamula katundu pa siteshoni ya sitima ku Lirangwe, ndiye tsiku lina ndinasenza mutu wa makina osokera a telala wina, Che Ndala, mpaka pakhonde la sitolo ya Mmwenye osatula panjira. Mkuluyo anandiyang'ana khosi, nati mawa ndibwere. Ndinayamba ndi kukoleza makala m'simbi, kenaka kukulunga ulusi pabobini, kenaka kupalasa makina. Chaka chisanathe ndinali kudula ndekha, ndipo kuchokera ku Mdeka mpaka ku Chileka panalibe wondiposa. Funsani.

Sukulu ndinalekeza Sabu B, choncho manambala a patepi ankandizunguza. Ndinkayeza ndi chingwe: mfundo ya pachifuwa, ya m'chiuno, ya kutalika. Munthu aliyense chingwe chake pamsomali.

Kunabwera Esinati wa ku Chileka ndi mchimwene wake Wilisoni, mlonda wa kubwalo la ndege. Mwamuna wodzamukwatira anali ku Halale chaka chachiwiri, ndipo anatumiza satini woyera ndi chithunzi cha diresi yothina m'chiuno ngati mavu. Esinati anafunsa ngati sitingasoke yomasuka, yogwa kuchokera pansi pa chifuwa. Wilisoni anati alamu asankha kale, nkhani yatha. Mwamuna sagwira mkwatibwi wa mwini, ndiye mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi nafe ndi amene anamuzunguliza chingwe kuseri, ine ndikumanga mfundo.

Patapita milungu isanu anabwera kudzayesa, Lachisanu masana, Che Ndala ali ku mzikiti. Diresi inakana kutseka kumsana, mpata wa zala zinayi. Ndinapempha mayi uja ayezenso ndi chingwe chomwecho. Mfundo ya m'chiuno sinafike. Esinati pondipatsira chingwecho ananong'ona: "Chonde musawaonetse achimwene anga." Ndinamva zonse. Mkwati sanaponde kuno zaka ziwiri, ndipo mkono wa Wilisoni ndinali nditauona.

Wilisoni anati ndaba satini wa alamu ake, atelala tonse ndi akuba. Anasolola pampu panjinga nandimenya nayo pakamwa. Mano awiri anagwera pa phazi la makina. Ndinamugunda ndi mutu pachifuwa, tonse tinagubudukira pa tebulo, sizasi ndi mapini mbwee pansi. Anandikhalira pamimba, nagwira dzanja langa lamanja nkulikanikiza pa simbi yamoto. Fungo lake ndimalimvabe. Anthu anadzaza khonde, iye akufunsa kuti nsalu ili kuti.

Chingwe chinali m'nkhonya yanga yamanzere. Kungotambasula zala, ine ndikanapulumuka, pampu ija ikanatembenukira kwa mlongo wake.

"Sindinabe," ndinatero magazi ali chuchuchu. "Ndinalakwitsa kudula."

Moto unandipweteka, koma mawu amenewo anandipweteka koposa. Ine kulakwitsa kudula? Pamaso pa Lirangwe yense?

Che Ndala anafika anthu atatilekanitsa. Anatenga diresi, naiyala, naitembenuza, naona kuti palibe pamene sizasi inasokera. Anafunsa chingwe. Ndinawalozera m'simbi momwe ndinali nditachiponya, chikutha kupsa. Sanandifunsenso. Anauza Wilisoni kuti satini wodulidwa sabwerera, njira ndi imodzi: kukweza chiuno mpaka pansi pa chifuwa, kuonjezera lesi m'mbali, diresi igwe yomasuka. Wilisoni anavomera akutukwana.

Anaisoka okha, popeza dzanja langa linagona mwezi wathunthu litakulungidwa. Esinati analowa m'tchalitchi ndi diresi imene anasankha tsiku loyamba lija. Zimene anakambirana ndi mwamuna wake pambuyo pake sindinazifufuze, si ntchito ya telala.

Kwa zaka anthu ankanditcha Cholakwitsa, ndipo ndinamenyana nawo angapo chifukwa cha dzinalo. Koma kuyambira pamenepo diresi ya ukwati iliyonse ndimaisiyira zala zinayi za nsalu mkati mwa msoko. Ndipo mkwatibwi akati akufuna yomasuka, sindifunsa kuti wasankha ndani. Ndimangotenga sizasi.