Chambiko cha Mkaka wa Ufa

Fungo limene limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Ngozo, ndi la utsi wa msuku ukutuluka pakamwa pa chipanda. M'mawa, nkhungu ya kwathu ku Domwe isanachoke m'madimba, ankakhala pakhomo pa khola atavala kazako wawo, jekete long'ambika m'zigongono, n'kuponya makala amoto m'chipanda, kutseka ndi chikhatho, n'kumagwedeza makalawo akulira ngati timiyala. Akawakhuthula ndi pomwe ankathiramo mkaka wongokama kumene. Pakapita masiku ankatsanula madzi ake, n'kutsala chambiko cholimba, chonunkhira utsi.

Paunyamata wawo anakagwirapo ntchito ku Joni ndi ku Halale, ndipo kulikonse ankasuzumira m'mene anthu amasungira mkaka. Ankatiuza kuti Azulu amagwiritsa zipanda ngati ife, Ashona amauika mumphika wadothi, pomwe azungu a ku mishoni amaufinya m'nsalu, kuuthira mchere n'kuusiya uume mpaka ulimbe ngati sopo. Sankanyoza njira ya wina aliyense. Ankangomaliza ndi kunena kuti yathu ndiyo yokoma.

Nkhondo itafika, ng'ombe zathu zonse zinatengedwa tsiku limodzi. Tinawoloka malire n'kuthawira ku Dedza, kwa achibale a amayi, ndipo agogo anasenza chipanda chawo chopanda kanthu, anthu akuwaseka m'njira.

Kothawako kunabadwa mlongo wanga Filomena. Atangoyamba kuyenda, amayi anadwala ndipo mawere anauma. Mwanayo anayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Kuchipatala anatipatsa mkaka wa ufa m'lata, chitini chachikulu, wochokera kutsidya kwa nyanja. Amayi ankausungunula ndi madzi owiritsa monga anauzidwira, koma Filomena akangomwa, m'mimba munkatseguka. Mwezi womwewo mwana wa nyumba yoyandikana nafe anali ataikidwa m'manda ndi matenda omwewo. Amayi analeka kum'patsa mkakawo, ankangokhala naye pamphasa.

Agogo anatapa ufawo, kuufikisa ndi zala, kuulawa. Tsiku lina anaperekeza amayi kuchipatala kuti akafunse okha. Anamwino anawafotokozera kuti kumayiko kumeneko amaumitsa mkaka ndi mpweya wotentha kuti uwoloke nyanja osawonongeka. Agogo anabwera akugwedeza mutu mosilira.

"Anthu amenewa ndi anzeru," anauza amayi. "Mkaka aufutsa ngati nkhwani. Koma mkaka woumitsa umakhala utagona. Ufunika woudzutsa."

Anafukiza chipanda chija, anasungunula ufa n'kuthiramo. Mkakawo unangowola, fungo lake losapirika, ndipo anakautaya kudzala. Amayi analira, nawauza kuti akuseweretsa chakudya cha mwana wodwala. M'mawa mwake agogo anatenga kapu n'kupita kumudzi wina kumene kunali munthu wa ng'ombe. Pambuyo pake anandiuza kuti m'moyo mwawo monse sanamvepo manyazi ngati tsiku limenelo, munthu amene anali ndi khola lakelake kuima pa khola la mnzake ndi kapu m'manja. Mwini ng'ombeyo anawafunsa mfunda wawo, ndipo atamva kuti ndi Mngoni mnzake wa kutsidya kwa malire, anawadzazira kapuyo ndi chambiko osafunsanso china.

Chambikocho ndicho chinali mbewu. Anachisakaniza ndi mkaka wa ufa uja uli wofunda, n'kuika chipanda pafupi ndi mafuwa atachikulunga ndi kazako wawo, iwo n'kumazizidwa. Mkaka unagwira. Anayamba kum'nyambititsa Filomena kunsonga kwa chala, kenaka kum'thirira m'phala. M'mimba munaima. Mapazi anaphwa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina tinamumva akulirira chakudya ndi mawu aakulu. Anamwino aja ataona kuti mwana akulemera anafunsa, analawa, n'kuyamba kuuza amayi ena amene ana awo ankakana mkakawo. Pakhomo pathu panayamba kubwera amayi ndi makapu kudzatenga mbewu, ndipo agogo, amene anthu ankangowaona ngati nkhalamba yothawa nkhondo, anayambanso kuyenda chilili.

Titabwerera ku Domwe tinalima mbatata kwa zaka zingapo tisanapezenso ng'ombe. Itabereka, chambiko choyamba agogo anapatsa Filomena, amene panthawiyo anali atayamba sukulu. Iye analawa n'kukwinya nkhope, nati chikununkha ng'ombe, akufuna cha m'lata chija. Agogo anaseka mpaka misozi.

"M'siyeni," anauza amayi amene ankafuna kum'kalipira. "Analeredwa ndi ng'ombe za kwa eni ake. Zakwawo azizolowera."

Lero ndimakhala ku Ulongwe, kumene m'maloja mumagulitsidwa mkaka wa m'mapaketi wochokera ku Joni, wokhala miyezi popanda kuuziziritsa mu jeleira. Agogo anamwalira asanauone, ndipo ndikudziwa kuti akanafunsa wogulitsayo mafunso mpaka kum'topetsa. Filomena anazoloweradi. Ndi mayi wa ana ake tsopano, wamphamvu, wa mawu omveka kutsidya kwa msika, ndipo khola la ku Domwe akulisunga ndi iyeyo. Amakama yekha, ngakhale kwathu kukama inali ntchito ya amuna. Wina akam'funsa kumene anaphunzira zimenezi, amayankha asanadzutse ndi mutu womwe pansi pa ng'ombe: "Ine ndinayamwitsidwa ndi mwamuna."