Lole ya Mkamwini

A Newton Mbewe anafika pa chikamwini m'chaka cha 1953 ndi zinthu zitatu: bulangete, njinga yokalamba, ndi bokosi la masipanala limene linkalemera kuposa zinazo. Kwawo kunali ku Vubwi, koma anatha zaka zisanu ndi zinayi ku Halale akugona chagada pansi pa malole a kampani ina yonyamula fodya. Atabwerako anakwatira a Yunesi NaPhiri, m'mudzi wina wa pakati pa Sinda ndi Katete, ndipo monga mwa mwambo anakamanga nyumba kwawo kwa akaziwo.

Ankalima mtedza ngati wina aliyense, ndipo palibe amene angaimirire n'kunena kuti munda wawo unagonapo ndi udzu. Koma anali ndi nthenda imodzi: sankatha kudutsa lole yakufa osaima. Zaka zimenezo malole otsala pa nkhondo ya dziko lonse ankafera m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lusaka, eni ake n'kungowasiya kuti dzimbiri liwadye. A Newton akaona imodzi ankatsika panjinga, n'kuizungulira akupukusa mutu ngati munthu amene wapeza ng'ombe yabwino itafera m'matope.

Yoyamba inali Bedifodi ya matani atatu imene okonza msewu anaitaya kudambo. Kapitawo wawo anati, “Tengani, mutichotsere nyansi.” Inakokedwa ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi mpaka pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa nyumba ya a Yunesi. Yachiwiri anaipeza pa famu ya mzungu wina amene anasamuka, ndipo inapereka magiya. Yachitatu inali yopserera, koma difu yake, chitsulo chopingasa chija chimene chimagwira mawilo a kumbuyo, inali yamoyo. Tizitsulo tina tonse tinabwera panjinga, lero kamodzi, mwezi wamawa kena. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wa a Newton unatenga zaka zisanu ndi zitatu.

Sikuti ankafuna geni. A Yahaya, mwini sitolo wa ku Katete wobadwira ku Nyasaland, amene ankawasungira zitini za girisi, anawafunsa tsiku lina kuti, “Nanga ikadzadzuka, mudzanyamula chiyani?”

“Palibe,” anayankha a Newton. “Ndikungofuna ndiimve ikupuma.”

A Yahaya anamvetsa. Amene sanamvetse, kapena amene sanafune kumvetsa, anali a Petro Phiri, mlongo wa a Yunesi, mwini mbumba wa pamudzipo. Munthu ameneyu sanagwirepo sipanala chibadwire, koma pakamwa pokha anali mmisiri. Ankamangirira mbuzi zake ku bampala ya lole ija. Pamowa ankati, “Akamwini a anzathu akubereka ana, wathu akubereka zitsulo,” anthu n'kumafa nazo kuseka. Mawu amenewa anali oipa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ana awiri a a Yunesi anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe. A Newton ankangoweramira pansi, poti mkamwini alibe pakamwa.

A Yunesi okha ndiwo sankaseka. Ankasefa petulo ndi duku lawo lakale. Ankapopa mabuleki ndi phazi amuna awo ali pansi akufuula kuti, “Pondani! Siyani! Pondaninso!” Matabwa a mlombwa a kumbuyo kwa lole anapala ndi a Newton, koma utoto wobiriwira anapaka ndi a Yunesi, ndi burashi ya ubweya wa kumchira kwa ng'ombe. Injini ija inkafuna anthu awiri kuti ilire: wina kutsogolo kupukusa handulo, wina mkati kukoka kawaya ka petulo pa nthawi yake. Dzanja la a Yunesi linkadziwa nthawiyo.

Tsiku limene injini inalira koyamba, kumayambiriro kwa 1961, nkhuku zinabalalika mudzi wonse. Lole inali idakali pa zipika, matayala abwino anali awiri okha. A Newton anapukuta manja n'kunena kuti, “NaPhiri, ikadzaponda pansi, woyamba kukwera ndinu. Mudzakhala kutsogolo mpaka pa Katete, anthu adzakuoneni.”

“Ndidzavala chilundu chatsopano,” anatero a Yunesi.

Mwezi wa Juni chifuwa chinawagwira a Yunesi. A Newton anawatengera panjinga ku chipatala cha mishoni ku Katete, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi, m'mawa, a Yunesi anatsikira kulichete. A Yahaya atamva anatulutsa matayala anayi akale amene anali kuseri kwa sitolo, ndi chigubu cha petulo, n'kukweza zonse pangolo. Ngolo yomweyo ikanatha kunyamula maliro, inde, koma lonjezo ndi lonjezo. A Newton anamanga matayala madzulo onse, misozi ikugwera pa manati.

M'mawa mwake panafunika munthu wokoka kawaya kaja. Amene anakwera anali a Petro. Injini itagunda, mpando n'kuyamba kunjenjemera pansi pawo, nkhope ya munthu wofedwa mlongo inasintha. Amene anaona amati anamwetulira. Popita ku Katete kukatenga maliro ndi pobwera anakhala kutsogolo, chigongono pawindo, akuyankha moni wa anthu a m'njira ngati akupita ku ukwati. Pampando wa a Yunesi panakhala a Petro, ndipo a Yunesi anayenda ulendo wawo woyamba ndi wotsiriza ali kumbuyo, m'bokosi, pa matabwa amene anapaka okha utoto.

Lole ija ikanakhalabe yakufa, palibe akanailimbira. Ulendo umodzi umenewo ndi umene unatsekula maso a anthu.

Patapita miyezi, litafika tsiku losudzula, pamene wamasiye amamasulidwa kuti abwerere kwawo, abale a mbali zonse anakhala pansi pa mango, pafupi ndi lole yomweyo. A Newton anali atathira kale madzi m'radiyeta. Ankadziwa kuti nyumba aisiya, nkhokwe aisiya, mitengo ya malalanje imene anabzala aisiya. Sanadandaule. Chimene ankafuna chinali chimodzi.

A Petro anatsokomola n'kuyamba. “Alamu, takhala nanu bwino. Bulangete lanu ilo, njinga yanu iyo, bokosi lanu ilo. Zimene munabwera nazo, nyamulani. Zimene zinamangidwa pano ndi za pano.”

“Nanga lole?” anafunsa a Newton.

“Kodi munabwera nayo? Inamangidwa pa nthaka ya amayi athu, ndi mlombwa wa m'tchire lathu, inu mukudya za m'nkhokwe ya mlongo wanga. Isiyana pati ndi khola?”

“Khola siliyenda, alamu.”

“Zaka zisanu ndi zitatu nayonso sinayende.”

Taonani bodza lovala jekete! Dzulo lomweli chinali chitsulo chomangirirapo mbuzi, lero chasanduka chuma cha makolo. Mwambo umene unaikidwa kuti ana amasiye asasowe pogona, munthu anaupinda kuti alande chinthu chimene sankadziwa n'komwe pothirira mafuta. Ndipo ana amasiyewo anali kuti? Nkhoswe ya a Newton, nkhalamba imene inayenda masiku awiri kuchokera ku Vubwi, inangoyang'ana zala za kumapazi. Inali yokha pakati pa anthu makumi atatu.

A Newton anayesa njira ina. “Chabwino, itsale. Koma ndiloleni ndikhaleko mwezi umodzi, ndiphunzitse munthu kuisamala. Imafuna girisi, imafuna madzi. Handulo yake ili ndi kagwiridwe kake.”

“Mkamwini asamakule mwendo,” anatero a Petro. “Tamusudzula munthu, azipita.”

Anapita. Akanatha kuzula kachitsulo kamodzi m'injini n'kuika m'thumba, lole ija osadzaliranso mpaka kalekale. Anaganizapo. Koma munthu amene watha zaka akudzutsa chinthu sangachiphe ndi dzanja lake. Anavundikira injini ndi chiguduli kuopa fumbi, n'kukankha njinga yake.

Ku Vubwi sanakhalitse. Anabwerera ku Katete, n'kumakonza njinga pakhonde la sitolo ya a Yahaya. Mbiri ya lole inkawapeza pomwepo, chidutswachidutswa, monga momwe iyo inabwerera. A Petro anapukusa handulo atakulunga chala chachikulu molakwika, handulo inabwerera n'kuwathyola dzanja. Anati mkamwini anasiya mankhwala. Kenaka matabwa obiriwira aja anasanduka zitseko. Boneti inakafolera khola la nkhunda. Injini inagwetsedwa pansi, mvula ya chaka chimenecho n'kuimaliza. Pomaliza anaitana wosula zitsulo kuti adule difu, apangire ngolo. Ndiye kuti zonse zija, milandu yonse ija, munthu ankafuna ngolo! Ngoloyo inatuluka yolemera moti ng'ombe ziwiri zinkangoima n'kumayang'anana, mpaka ankachita kumanga zinayi.

A Newton akamva zimenezi ankangopitiriza kumanga masipoko. A Yahaya ndiwo ankatukwana m'malo mwawo.

Tsiku lina m'chilimwe cha 1963, nthawi yogulitsa mtedza, dzuwa lili pamutu, a Newton anaimitsa sipanala m'mwamba. Kumsewu kunkamveka kulira kwa chitsulo chouma, kwii, kwii, kwii. Ngolo zambiri zinkadutsa pamenepo tsiku lililonse, koma iyi anaidziwa isanaoneke. Inatulukira ndi ng'ombe zinayi zotuluka thovu kukamwa, matumba a mtedza ali phamuphamu, a Petro ali pamwamba ndi mkwapulo m'dzanja lawo lopindika lija.

A Newton ananyamuka n'kukaima pakati pa msewu. Anthu a pakhonde anaimirira, ena akuti lero kuli ndewu, ndipo kunena zoona ambiri ankaifuna. A Petro anakweza mkwapulo. “Alamu, nkhani ija inatha! Anthu anaweruza!”

A Newton sanawayang'ane n'komwe. M'manja munali sipanala ndi chitini cha girisi. Anagwada m'fumbi pafupi ndi wilo, anakhudza chitsulo n'kuchotsa dzanja msanga, poti chinali chotentha ngati chiwaya. Anamasula chivundikiro. Mkati munali mouma gwa, mchenga wokhawokha. Anapukuta ndi malaya awo, n'kuyamba kupaka girisi ndi zala, modekha, mbali iyi kenaka mbali inayo. Msewu wonse unali zii, kupatula kupuma kwa ng'ombe.

Atamanga nati yotsiriza anaimirira, n'kuika chitini chija pamwamba pa matumba, pafupi ndi mapazi a a Petro.

“Kamodzi pamwezi, alamu,” anatero. “Musamaiyendetse youma. Inanyamula mlongo wanu iyi.”