Mkuzi wa Manati

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene bambo anga anaganiza zonenepetsa mlongo wanga Yosefe ndi zitsulo.

Tinkakhala kwa Njombwa, kwawo kwa amayi, ndipo bambo anali mkamwini. Koma sanali mkamwini wamba woti aliyense n'kumutuma. Anali wapampando wa kalabu ya alimi a fodya, analinso mkulu wa mpingo, wa jekete lakuda limene ankalivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Fodya ankamudziwa kuposa ana awo. Tsamba likangoyamba kuchita chikasu pakati pa munda, iwo ankaliona ali panjinga mumsewu, n'kudziwiratu chimene likusowa. Koma mukanawafunsa kuti Yosefe wadya chiyani lero, akanakuuzani kuti mukafunse kukhitchini.

Yosefe anali atangoyamba kuyenda pamene amayi anapezeka ndi pakati pena, ndiye anamuletsa kuyamwa msanga. Chakudya chake chinali phala la mgaiwa lothira mchere, m'mawa ndi madzulo. Mtedza tinkalima wambiri, soya chimodzimodzi, koma zimenezo zinali zodikira mavenda. Nkhuku zinkaikira, koma mazira anali oti aswe anapiye kapena akazingiridwe alendo a mpingo. Mwana uja anayamba kufota. Tsitsi linafiira ngati ndevu za chimanga, kuseka anasiya, kuyenda komwe anali atayamba kuja anakusiyanso. Ankangokhala pamene mwamukhazika, n'kumatiyang'ana ngati tamulakwira.

Mwezi uliwonse kunkachitika sikelo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu. Mlangizi wa zaumoyo, Mayi Kamanga, ankapachika sikelo panthambi, ana n'kumalendewera mmodzimmodzi m'kakabudula ka nsalu yolimba, akulira ngati akuphedwa. Mwana wotsika kwambiri ankamulemba kuti azilandira chiponde, chakudya cha mtedza cha m'timapaketi chimene achipatala amapereka kwa ana onyentchera. Mwezi wa Meyi Mayi Kamanga anawachenjeza amayi kuti Yosefe akadzatsikanso adzamuika pa chiponde.

Amayi atafotokoza zimenezi kunyumba, bambo anasiya kudya. Ine ndinkaganiza kuti akudandaula za mwana, ndipo mwina mbali ina zinali choncho. Koma chimene chinawatsamwitsa kwenikweni ndinadzachimva nditakula. Kwathu mwana akamaonda chotere, azimayi kuchitsime sankafunsa kuti akudya chiyani. Ankati ndi tsempho, kutanthauza kuti bambo ake ayenda njira zosayenera kunja kwa banja. Ndipo nyengo imeneyo bambo ankapita ku okushoni, msika waukulu wa fodya, n'kukagona konko podikira kuti mabelo a kalabu agulidwe. Mkulu wa mpingo, mkamwini, wogona kutauni, mwana wake pamzere wa chiponde: nkhani yake ikanafika kwa abusa dzuwa lisanalowe. Ine panthawiyo ndinkayesa tsempho ndi matenda opatsirana ngati chikuku.

Tsiku la sikelo la mwezi wa Juni litafika, amayi miyendo inali itatupa, ndiye anati ndipite ndi mwana ndine. Ndinakondwa, chifukwa kunali kujomba kusukulu kololedwa ndi makolo. Nditam'bereka Yosefe, bambo anandiitanira kuchigafa kumene ankasankha fodya.

"Esitere, tam'tsitsa kaye mwanayo."

M'manja anali ndi kalamba ka chiguduli kamene anakasoka okha ndi singano yosokera mabelo. Mkati anali atasokereramo manati, tizitsulo tomangira mabawuti a ngolo yathu yakale. Bambo sanaikepo mwala m'belo chibadwire, ndipo ku kalabu ankadzudzula kwambiri anthu owaza madzi pafodya kuti alemere. Koma njira zake ankazidziwa zonse, monga momwe abusa amadziwira machimo. Anam'manga Yosefe kalamba kaja m'chiuno, pansi pa thewera, n'kumunyamula m'mwamba ndi manja awiri, maso ali otsinzina, monga ankachitira poyerekeza kulemera kwa mtolo wa fodya.

"Wakwera," anatero. "Uwu ndi mkuzi. Ana onse amavala mkuzi m'chiuno. Kukuzizira, usakalole kuti am'vule. Amako usawauze, adwala kale."

"Nanga akakandifunsa, ababa?"

"Sikelo safunsa mafunso."

Kunkaziziradi, ndipo Mayi Kamanga analola kuti ana akwere sikelo ndi zovala zawo. Yosefe atalendewera, muvi unadutsa pamene unaima mwezi watha. Mayi Kamanga anayang'ana muvi, anayang'ana mwana, anagogoda sikelo ndi chala, kenako anati, "Ukawauze amayi ako kuti apitirize zimene akuchitazo." Azimayi anaomba m'manja. Ine ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba, ngakhale manati aja ankandibaya pamsana njira yonse.

Vuto la bodza la pasikelo ndi lakuti liyenera kukula mwezi ndi mwezi. Mwana sangaime pamodzimodzi. Mwezi wa Julayi bambo anawonjezera manati ena, ndipo poti Yosefe weniweniyo anali akutsikabe, anayenera kuwonjezera olipira kutsikako ndi enanso oonetsa kukwera. Ankawerengera zimenezi mosamala kwambiri, lilime lili panja. Tinapambananso. Mwana wa Nangozo, mnansi wathu, anaikidwa pa chiponde, ndipo bambo pobwera kutchalitchi anaima pakhomo pawo n'kuwalimbikitsa kuti asataye mtima.

Amayi okha ndi amene sankamvetsa. Ankam'sambitsa Yosefe n'kumaona nthiti, ine n'kumabwera ndi uthenga woti akukwera. Tsiku lina ndinawapeza atam'khazika pamiyendo, akumuyang'anitsitsa, misozi ili m'maso. "Kapena maso angawa ndi amene akundinamiza," anatero. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Zinandipweteka, koma pamsinkhu umenewo mawu a bambo anali ngati lamulo la boma.

Pofika Ogasiti manati a ngolo anali atatha. Bambo anazungulira pakhomo ponse, mpaka maso awo anagwera pa jeke ya kalabu, chitsulo chachikulu chodindira mabelo chimene chinkasungidwa kwathu. Anamasulako bawuti lalikulu, lalitali ngati chala chawo chapakati n'kupitirira, akuti alibwezera masana anthu asanabwere kudzadinda mabelo otsiriza. Kalamba kaja tsopano kanali katatopa. Yosefe atamangidwa, thewera linkalendewera mpaka m'mawondo.

Tsiku limenelo kunatentha. Mwana anandikodzera pamsana tili m'njira, chiguduli chinanyowa, ulusi n'kuyamba kumasuka. Nthawi yathu itakwana, Mayi Kamanga anam'kweza Yosefe pasikelo, iye n'kuyamba kupalasa miyendo. Nati imodzi inagwa, inagubuduka pang'onopang'ono n'kukaima paphazi la Mayi Kamanga. Muvi unatsika pang'ono. Inagwa ina, muvi unatsikanso. Kenako bawuti lija linatuluka m'mwendo wa kabudula n'kugwera m'beseni losambira m'manja, phokoso lake ngati belu la sukulu.

Mayi Kamanga anatola bawutilo, analitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa mofatsa, "Mwana ameneyu kwanu mumam'dyetsa chiyani?"

"Ndi mkuzi," ndinatero.

Azimayi anaseka mpaka ena kugona pansi. Nangozo anachita kum'patsira mnzake mwana kuti aseke bwino. Wina anati am'gwedeze mwina mutuluka njinga yathunthu. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Koma Mayi Kamanga anam'vula Yosefe zonse, n'kumukwezanso ali mbulanda. Muvi unaima pansi kuposa pamene unali mwezi wa Meyi uja. Anatenga katepi n'kumuyeza kamkono, ndipo kanathera pofiira, posonyeza ngozi. Kuseka kuja kunazima. Azimayi omwe aja anayamba kuyang'ana pansi, ndipo Nangozo anavula chitenje chake n'kum'funditsa mwanayo.

Sikelo itatha, Mayi Kamanga anati tipitire limodzi kunyumba. Tinapeza amuna a kalabu atazungulira jeke, thukuta lili chuchuchu, aliyense akunena maganizo ake pa chimene chavuta. Bambo anali pakati pawo, akuthandiza nawo kufufuza bawuti m'zinyalala za fodya, n'kumadandaula za ana a masiku ano osaopa katundu wa anthu.

Mayi Kamanga anapereka moni mwaulemu, n'kutulutsa bawuti m'chikwama. "A wapampando, kapena mukufuna ichi? Tachipeza mwa mwana wanu."

 Bambo analandira bawutilo ndi manja awiri ngati mgonero. Mayi Kamanga sanawanyoze pagulu. Anawapempha kuti apite nawo pakhonde pamene panali amayi, ndipo ine ndinakhala pomwepo poti mwana anali kumsana kwanga.

"Ndikufunseni, bambo," anatero. "Fodya wanu akachita chikasu m'munda, mumagula penti wobiriwira?"

"Ayi."

"Mumatani?"

"Timathira feteleza."

"Mukachedwa kuthira, n'kudzathira wambiri pambuyo pake, amafika pamene akanafika?"

Bambo anayang'ana bawuti linali m'manja mwawo. "Amapulumuka," anatero, "koma tsamba silitalika."

"Mwanayu mwam'chedwetsa miyezi itatu. Si tsempho ayi, ndi njala, ndipo mankhwala ake ali m'matumba mwatsamirawo."

Anali matumba a mtedza odikira mavenda. Amayi sanakuwe, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. Anangomuchotsa mwana kumsana kwanga, n'kuwayang'ana bambo, n'kunena kuti, "Bambo a Esitere, ine ndimayesa ndapenga." Analowa m'nyumba. Kwa masabata angapo bambo ankalandira madzi osamba ozizira osadandaula.

Yosefe anayamba kulandira chiponde tsiku lomwelo. Ankachinyambita mpaka kung'amba kapaketi, ndipo ine ndinkapatsidwa ntchito yothamangitsa ana a eni amene ankabwera kudzamuyang'anira mkamwa. Matumba awiri a mtedza sanapite kwa mavenda. Amayi ankasinja nsinjiro n'kuthira m'phala, tsiku lina dzira, tsiku lina masamba a nkhwani opotola. Alendo a mpingo anayamba kulandiridwa ndi mbatata. Mvula isanagwe Yosefe anayambiranso kuyenda, ndipo tsiku limene anathamangitsa nkhuku n'kugwa n'kudzuka akuseka, amayi analira.

Pa sikelo ya mwezi wa Seputembala amayi anali atangobereka kumene, ndipo ine ndinakonzeka kujombanso. Bambo anati ndipite kusukulu. Anavala jekete lawo lija, anam'khazika Yosefe pakhosi, n'kupita naye okha kusikelo. Anzanga amene anasuzumira pawindo la kalasi anandiuza kuti anali mwamuna yekhayo pakati pa azimayi onse aja, ndipo nthawi yawo itakwana anam'vula mwanayo okha, chovala chimodzichimodzi, mpaka kukutumula thewera pamaso pa anthu. Dzina loti a Manati linawakakamira mpaka ku kalabu, ndipo iwo ankangoyankha.

Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi ndinkaiona ngati nthabwala ya pabanja basi. Tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndimamvetsa kuti bambo sanali munthu wankhanza kapena wopusa. Ankam'konda Yosefe. Kungoti ankaopa pakamwa pa anthu kuposa momwe ankaopera matenda, ndipo mantha amenewo ndawapeza mwa ine ndemwe kangapo, pamene ndinkafuna kuti mwana wanga aoneke bwino pamaso pa anthu m'malo mofunsa ngati alidi bwino. Anthu aja anaseka n'kuiwala. Amene analipira ndi mwana yemwe sankadziwa n'komwe kuti tsempho n'chiyani.

Yosefe lero ndi bambo wa ana awiri, wamphamvu zake, ndipo amakonza njinga zamoto ku Kasungu. Ndi wamfupi kuposa tonse m'banja mwathu, ngakhale mng'ono wake amene anabadwa chaka cha manati chija anam'pitirira kalekale. Tikakumana pa Khirisimasi timamuseka kuti akakwera njinga za makasitomala mapazi safika pansi, iye n'kumatibwezera kuti zitsulo anazizolowera ali khanda. Timaseka tonse, amayi ndi omwe amayambitsa. Bambo ndi okalamba tsopano, ndipo nthabwala amazikonda kuposa kale. Imeneyi yokha saseka nawo.