Pepala la Achimwene Ndinasaina Ndine

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma ndi simenti ya m'nyumba ya siwa ku Chibavi. Amayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka kusasa mawu. Panja kamvula kankawaza, nkhuni zikungofuka pansi pa miphika. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anali yekha pambali pa bokosi.

Achimwene ankatsokomola magazi, TB itawasiyira mabala m'mapapo. Kuchipatala cha kunja kumene anawatumiza, madokotala analowetsa kachubu pantchafu n'kukatseka mtsempha wotaya magaziwo. Anachenjeza kuti mwa apo ndi apo zotsekerazo zimasochera n'kutsekanso mtsempha wa kumsana. Tsokalo linagwera ife. Magazi anasiya, koma miyendo inafa. Anakhala pa njinga ya olumala zaka ziwiri, mpaka zilonda zinawatenga.

Lole ya abale a kwathu ku Dedza inafika kutacha. Anansi anawalandira ndi "pepani chomene", koma iwo anamudutsa mlamu ngati chitsa. Kumudzi inali itamveka kale yoti ndiye anasainira mwamuna wake pepala lovomereza chithandizocho kuti alumale. Ine, wodziwika ndi pakamwa, ndinali nditakhala chete nthawi yonseyo chifukwa cha mantha.

Ponyamuka ndinatulutsa njinga ija n'kuikankha m'matope kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda. Ena anandiyang'ana cham'mbali. Sindinaisiye.

Kumanda amalume anaimirira kufotokoza za matenda. "Mwana wathu anapita kuchipatala akuyenda yekha," anatero. "Amene anamusainira akudzidziwa." Maso onse anapita kwa mlamu.

Kwathu mkazi sayankhula pamanda, koma ndinaimirira.

"Amalume, ndinasaina ndine. Mlamu anatsala kuno ndi ana. Beseni la magazi ndinkataya ndine m'mawa uliwonse. Achimwene awa apeza zaka ziwiri zoona ana awo akukula. Atandipatsanso pepala lija lero, ndisainanso."

Abusa anayambitsa nyimbo, adzukulu n'kugwira mafosholo. Lole inabwerera ku Dedza popanda wonditsanzika, ndipo sindinadandaule.

Madzulo nyumba inali zii. Ndinapeza mlamu pakhonde akupukuta matope pa tayala la njinga. Ndinkayembekeza kuti andithokoza.

"Zaka ziwiri, mlamu," anatero osandiyang'ana. "Munali kuti?"

Anang'amba kansanza kake pakati n'kundipatsa theka, ndipo ndinagwada kutayala linalo.