Nsalu Yofiira pa Geti

Mphepo ija inabwera masana, ine ndili pamsika ndi malalanje anga a ku Mazowe. Kunada bii cha ku Matepatepa, kenako fumbi, kenako matalala. Pofika kunyumba ku Chipadze ndinapeza theka la denga kulibe. Malata ena anali m'chimanga cha aneba, atapindikapindika, ndipo chipinda cha bambo chinali yasa, kuyang'ana kumwamba. Mayi anali atawakokera bambowo pakona m'chipinda chochezera n'kuwafunditsa matumba a feteleza.

Bambo analowa mumgodi ali mnyamata, atangofika m'dziko la eni lino kuchokera ku Dedza. Popuma ntchito, mgodi unawapatsa wotchi ndi chifuwa. Chifuwa chimenecho sichinkafuna chinyezi: akangonyowa pang'ono, ankatsokomola mpaka magazi. Ndiye tikanathawira nawo kuti? Anzathu Achishona zikawavuta amakwera basi kupita kumusha kwawo. Ife mabwidi, monga ankatitchulira obwerafe, kumudzi kwathu kunali kanyumba komweko basi. Mvula ya chaka chimenecho inali itangoyamba kumene.

M'mawa mwake bambo anayamba kufunafuna jekete, akuti akanene ku ofesi ya komboni. Zaka zonse zija tili m'nyumba za mgodi, zenera likasweka unkangonena, mawa lake anthu abwera ndi galasi. Ndinawakhazika pansi n'kupita ine. Kalaliki sanadzutse n'komwe mutu. Anati madala anapuma ntchito, ndipo nyumba si ya mgodi. Ndinatukwana chamumtima n'kutuluka.

Mmisiri wa madenga ndinakampeza kumowa. Anandilozera mzere wonse wa nyumba zosasuka.

"Sisi, onse awa ali patsogolo panu. Mwina Khirisimasi ikadutsa."

Abusa anandipempherera, pemphero lokoma ndithu, n'kunena kuti komiti idzakumana Lamulungu. Koma mitambo sidikira komiti.

Ndinatsala ndi khomo limodzi, la tcheyamani wa sosaite ya maliro ya anthu akwathu. Tinkawatchula amalume ngakhale panalibe ubale, chifukwa anakwera lole imodzi ndi bambo pobwera kuno. Anandimvetsera bwinobwino, akupukusa mutu.

"Mwana wanga, sosaite yathu ndi ya maliro. Za malata sitinagwirizanepo."

"Ndiye tidikire amwalire kaye, amalume?"

"Iwe, pakamwa pako! Unatengera mayi ako."

Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Ine ndikakwiya ndimagwira ntchito. Tsiku lotsatira dzuwa litawala ndinatulutsa zonse zonyowa: mipando, tebulo, mphasa, kabati ya mbale. Kukhitchini kunali thope, choncho mayi anasonkha moto pabwalo. Zovala ndi mabulangete anayanika pawaya mpaka malo anatha, ndipo nsalu yawo yofiira, yomwe inatsala, anaikoloweka pageti.

Palibe mwa ife anaganiza kanthu. Komatu ku Chipadze, monganso kukomboni, mipando ikakhala panja, moto pabwalo, nsalu yofiira pageti, palibe amafunsa. Pamenepo pagwa zovuta. Ndipo aliyense ankadziwa kuti bambo ndi odwalika.

Woyamba kufika anali mayi wina Wachishona wa mumzere wathu. Anandigwira dzanja, misozi mbwe, akuti, "Nematambudziko," ndiko kupepesa kwawo pamaliro. Ine ndinayesa akupepesa za denga, ndinathokoza bwinobwino. Atachoka, uthenga unathamanga kuposa minibasi. Dzuwa lisanafike pamutu amayi a ku tchalitchi anatulukira pangodya akuimba, timbale ta ufa pamutu. Kumbuyo kwawo kunali abambo a kukomboni, ena atangotuluka shifiti ya usiku, maso ali psuu. Adzukulu okumba manda analiponso. Kutsogolo kwenikweni kunali amalume aja, atavala jekete lakuda, chipewa chili m'manja.

Mayi anangoti kukamwa yasa, chipande chili m'manja. Amayi aja anayamba kulira molunjika pakhomo. Pamenepo m'nyumba munamveka kutsokomola, ndipo bambo anatulukira atafunda bulangete, akugwira khoma.

"Kodi wamwalira ndani?"

Mayo ine! Amayi awiri analiyatsa liwiro mpaka kumsewu, ufa uli mbwee pansi. Mdzukulu mmodzi anakhala pansi osafuna. Kenako wina anaseka, ndipo bwalo lonse linafa nalo phwete. Amalume okha ndiwo sanaseke. Anavala chipewa chawo n'kutembenuka.

"Musachoke, amalume," ndinatero. Mawu anga pamsika amamveka mpaka kudepoti, ndiye aliyense anaima.

"Dzulo munati sosaite ndi ya maliro. Chabwino. Lero mwasiya tulo, mwasiya minda, mwabwera nonse chifukwa mumayesa mnzanu wafa. Sanafe, ndi uyu. Koma tayang'anani denga, muyang'anenso kumwambako. Mvula ija ikawapezanso chonchi, nsaluyi sindichotsa, chifukwa mubweranso posachedwa. Manja anu ndi omwewo. Sankhani nokha, fosholo kapena hamala."

Mayi anandiponda phazi kuti ndikhale chete. Sindinawayang'ane. Ndinkadziwa kuti sindinalakwe.

Amalume anayang'ana bambo nthawi yaitali. Bambo anangomwetulira, mano awo ochepa aja ali poyera, n'kutsokomolanso. Amalume anavula jekete lakuda lija n'kundipatsa kuti ndigwire.

"Makwerero ali kwa ndani?" anafunsa.

Pa anthu amenewo panali amene moyo wawo wonse ankachirikiza miyala ndi mitengo pansi pa mgodi, ndiye mapaso a kanyumba kathu sanawachedwetse. Aneba anabweza malata athu kuchokera m'chimanga, osatchula n'komwe za mbewu zothyoka. Anawayala pamsewu n'kumawawongola ndi thabwa ndi mapazi. Wina anathamangira kwawo kukatenga misomali yakale m'chitini, wina waya, wina phula lotsekera mabowo. Lata lina linali litang'ambika kotheratu, ndipo mdzukulu anakhala pansi osafuna uja anakasasula la pakhola lake la nkhuku, akuti nkhuku zilibe chifuwa. Mapaso anawamangirira kukhoma ndi waya wopotapota kuti mphepo ikadzabweranso idzanyamule nyumba yonse kapena ingodutsa.

Bambo anakhala pampando pabwalo, ndodo m'manja, kumalozera ngati kapitawo.

"Msomali uwo wapendama!"

"Khalani chete inu, malemu salankhula!" anayankha wina ali padenga.

Amayi aja anasiya nyimbo za maliro n'kuyamba kuchapa mabulangete ndi kukolopa thope. Ufa wa pamaliro tinaudya tonse tsiku lomwelo, mwini maliro akudya nawo.

Mvula inabweradi mawa lake, yamphamvu kuposa yoyamba. Ndinalowa m'chipinda cha bambo n'kuwapeza ali chigonere, maso kudenga, akumvetsera.

"Tamva," anatero. "Sikudontha."

Ndinatuluka msanga kuti asaone kuti ndikulira.

Pansi pa denga limenelo bambo anaona mvula za zaka zingapo. Anaona mwana wanga wamkazi akuyamba sukulu, ndipo tsiku loyamba anamuperekeza okha mpaka pangodya. Chifuwa chinadzawatenga nyengo yozizira, m'chipinda chouma, ali pabedi pawo.

Nsalu yofiira ndinakaimanga ndekha pageti. Amalume anafika pang'onopang'ono, nawonso atayamba kuyendera ndodo. Sanalowe msanga. Anaima pageti, chipewa chili kumutu, n'kuyamba ayang'ana kaye kudenga, uku ndi uku.

"Mwana wanga, ndi malata?"

"Ayi, amalume. Malata ali bwino."

Ndi pamene anavula chipewa.